Makaseti Opanda Phokoso

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa munthu ukafika msinkhu wangawu anthu amamvera nkhani yako ndi khutu limodzi, maso ali pa mano amene watsala nawo. Mboni yoyamba ndi akazi anga. Adakali moyo, ndipo chikwatirane sanandithandizepo kunama ngakhale kamodzi, ngakhale pamene bodzalo likanatipindulira tonse. Yachiwiri ndi bambo wina wosula zidebe ku Old Town. Anamwalira, koma anali munthu wopemphera, moti inu amene mukuyenda bwino mukamupeza ndipo mukamufunse. Yachitatu ndi madala amene ankasamalira maluwa panyumba ya bwana wanga ku Area 3. Iwonso anatsogola, koma anasiya ana asanu ndi atatu, onse otopa nayo nkhaniyi. Mboni yomaliza ndi mwana wanga wachisamba, mwini nkhani. Ameneyu sanaone kalikonse mwa zimene ndifotokoze, pakuti chikuku chinamutenga maso ali ndi zaka zitatu, koma ndiye mboni yoopsa kuposa zonse. Zimene ife tinaiwala iye amazibwereza liwu ndi liwu, ndi kutsokomola komwe.

Zinachitika m'zaka zimene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ine ndinali kalaliki wa ku rejisitire, chipinda chija chosungira mafayilo, mu unduna wina umene sindiutchula chifukwa penshoni yanga imadzera komweko. Ntchito yanga inali yoona kuti pepala lililonse lili ndi nambala, nambala iliyonse ili m'kaundula, ndipo pa fayilo palibe chala cha mafuta. Ndinkaidziwa ntchitoyo. Anzanga ankati ndikanakhalapo masiku a chigumula, nyama zikanalowa m'chombo motsata alifabeti.

Tinabwera pa lole, katundu pansi, ife pamwamba. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali fumbi lokhala ndi mapulani. Ku City Centre anali atakonza misewu yotakata, yosalala, yopita kumene nyumba zinali zisanafike. Unkayenda mtunda wautali pakati pa udzu ndi timitengo tongobzalidwa kumene, osakumana ndi munthu, kenako mwadzidzidzi ofesi. Fumbi lake linali lofiira ndi lolemera. Tsiku lina pa Capital Hill ndinayetsemula njerwa ziwiri, kapitawo wa omanga anazitola, ndipo zili pa chipupa cha kumvuma mpaka lero. Wokayika apite akaziwerenge.

Nyumba imene tinalonjezedwa ku Area 18 inali isanafoleredwe, choncho tinapeza zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ina ku Old Town, tsidya la mlatho, kufupi ndi msika. Khoma ndi khoma ndi ife kunali wosula zidebe uja, amene ankayamba kukhoma dzuwa likamatuluka n'kulekeza litalowa. Kupitirira iyeyo kunali mzikiti, depoti ya mabasi, ndi amayi ogulitsa matemba amene mawu awo ankafika ku Dedza popanda waya. Tisananyamuke ku Zomba ndinali nditadzaza fomu ya ndalama za msamuko, zimene wosamutsidwa aliyense ankayenera kulandira. Anzanga analandira mwezi woyamba. Zanga sizinabwere, ndipo Lolemba lililonse ndinkadandaula za ulesi wa anthu otsala ku Zomba. Zimenezi muzisunge, tizipeza kutsogolo.

Mwana wanga anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ali Sitandade 5. Ku Zomba sukulu inkayenda bwino chifukwa aphunzitsi ake anali oyandikana nafe nyumba. Ankamuwerengera akaweruka, ndipo mayeso ankamufunsa pakamwa. Kuno panalibe womudziwa. Ndinavala jekete n'kupita naye kwa ahedi a sukulu ya pafupi.

"Bambo, suzumirani pawindopo," anatero ahedi.

Ndinasuzumira. Ana anali atadzaza m'kalasi mpaka pakhomo, ena atakhala panja pansi pa mtengo.

"Onsewa abwera ndi malole ngati inu," anapitiriza. "Buku limodzi ana asanu. Mphunzitsi amalemba pabolodi, ana n'kukopera, iye n'kufufuta. Wanuyu azikopera chiyani?"

"Amamva, ahedi. Akamva kawiri, zakhala."

"Sindikukana. Koma ilipo sukulu yogonera komweko, ili ndi aphunzitsi odziwa zilembo za timadontho zija zowerenga ndi zala. Kumeneko akathandizidwa bwino kuposa kuno."

Sankanama. Sukuluyo inalipodi ndipo inali yabwino. Koma unali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo mwana akanamabwera kunyumba katatu pachaka ngati mlendo. Mwanayo anali chiimire pambali panga atagwira mkono wa jekete. Anayankhula asanafunsidwe, chinthu chimene ana a nthawi imeneyo sankachita.

"Ine ndikufuna ndiziweruka n'kumapita kwathu, aphunzitsi."

Ahedi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndamutuma.

"Teremu imodzi," anatero. "Akakhoza mayeso otsiriza, malo ndi ake. Akalephera, mudzabwere ndidzakulembereni kalata ya ku sukulu inayo, ndipo tisadzakangane."

Akazi anga atamva anangopitiriza kusita. "Mwana wanga sakwera basi imeneyo," anatero. "Inu ndi amene mumadziwa za mapepala. Onani chochita."

Bwana wanga anali munthu wofatsa, woimba besi kutchalitchi. Pobwera ku maphunziro kunja anagula makina ojambulira mawu, kabokosi kakuda ka mabatani asanu aakulu ngati mano a bulu, kodya makaseti ndi mabatire. Ankajambulira kwaya yawo. Nditawafotokozera vuto langa, anandibwereka makinawo pamodzi ndi makaseti asanu.

"Mudzabweze mukadzagula anu," anatero.

"Ndalama za msamuko zikangofika, bwana."

Anaseka pang'ono, mwaulemu.

Aphunzitsi a kalasi, mayi wachifundo koma wotopa, anavomera kumandibwereka kope lawo la manotsi. Ndikatsika basi ya antchito a boma madzulo, ndinkakhala pakhonde dzuwa lisanalowe n'kumawerenga. Mpando tinali nawo umodzi, ndipo unapita kwa makina a bwana. Ine ndinkakhalira bokosi lina la mapepala limene tinabwera nalo ku Zomba. Ndinawerenga mitsinje, mapiri, ziwalo za duwa, mbiri ya makolo, zambiri mwa izo m'Chingerezi chimene ine ndemwe ndinkachitafuna ngati nyama ya tambala wokalamba. Mwana anaphunzira mabatani aja tsiku limodzi. Ankabweza tepi, kuimitsa, kumvera pang'ono, kubwezanso, mwaliwiro moti ndinkaopera makina a eni ake. Mwezi usanathe aphunzitsi anatumiza kakalata kakuti mwanayo akuyankha mafunso ena anzake asanamalize kukweza manja.

Apa ndi pamene ndikanasiya zinthu mmene zinalili. Koma Lamulungu lina ndinati ndimve ntchito ya manja anga. Ndinadina batani, ndipo thukuta linandituluka.

Mawu anga analimo, inde, koma kumbuyo kwake kunali Old Town yense. Pamene ndinkatchula mtsinje wa Bua, akazi anga ankafunsa mokweza amene watenga sopo pa zenera. Pa Linthipe kondakitala ankaitanira basi ya ku Dedza. Ziwalo za duwa zinakumana ndi kuitana kwa ku mzikiti, ndipo ndinamveka ndikudikira mwaulemu kuti kuthe. Pansi pa zonsezo panali nyundo ya wosula zidebe, imene inkasintha kulira kwake malinga ndi chimene akusula tsikulo. Ndikulumbira, pa kaseti yachitatu nkhuku ina inaikira dzira pakati pa mbiri ya makolo athu n'kulengeza kwa mphindi zinayi.

Ine, munthu amene ndinkabweza fayilo kwa mlembi wamkulu chifukwa cha dontho la tiyi, ndinali ndikupatsa mwana wanga zinyalala. Makaseti enieniwo analinso ochititsa manyazi. Ina inali yothyoka pakona, ina yonunkha palafini, ina yomata ndi zala za uchi, ina inkalira khwechekhweche ukaigwedeza. Palibe ngakhale imodzi inali ndi nambala.

Ndinapempha bwana kuti ndizikajambulira kwawo Loweruka, ndipo anandipatsa khonde la kuseri.

Inu amene simunafike ku Area 3 wa masiku amenewo simudziwa chimene chimatchedwa bata. Nyumba iliyonse inali pakati pa bwalo lalikulu ngati munda, mitengo yakale itaphimba msewu, agalu ake ouwa kamodzi pa sabata. Kunali zii moti ndinamva nyerere ziwiri zikukangana za malire. Madala osamalira maluwa aja, mkulu wa mpingo wochokera kumudzi wina wa chakufupi, anaika pansi sizasi yawo yodulira mpanda kuti asandisokoneze, n'kutenga nsungwi kumathamangitsa mbalame. Ataona ndikulowetsa kaseti yakale, anayandikira.

"Mukujambula pamwamba pa zakalezo, akalaliki?"

"Eya, madala. Zakalezo n'zauve."

"Mwini wake wanena kuti n'zauve?"

"Mwini wake ndi mwana."

Anakanda m'mutu. "Kwathu munda ukakhala wopanda chulu kapena mtengo, mwini wake amene amasochera m'menemo," anatero, n'kubwerera ku mbalame zawo.

Ndinaganiza kuti ndi nkhani za anthu a kumudzi. Maloweruka awiri ndinawerenga manotsi onse kuyambira pachiyambi, mawu osakwera osatsika, ngati wolengeza za maliro pawailesi. Cholakwika chinali chimodzi chokha. Pamene ndinkawerenga za mapiri, nditangotchula Mulanje, madala aja anayetsemula. Sikunali kuyetsemula wamba. Masamba anagwa mumtengo, ndipo galu wa nyumba yachitatu anauwa tsiku lisanakwane. Ndinawayang'ana ndi diso la ku rejisitire, iwo anapepesa atagwira chipewa, koma mabatire anali kutha moti sindinabwereze.

Lolemba ku ofesi ndinapukuta makaseti onse ndi nsalu ya sipiriti. Yothyoka ija ndinaimata bwinobwino, ya khwechekhweche ndinaimanga sikuluwu. Ndinataipa timapepala toyera tofanana, kalikonse ndi nambala yake ndi mutu wake, n'kumata. Ndinakonzanso kaundula wa masamba awiri wosonyeza kuti phunziro lakuti likuyamba pamene timanambala tozungulira ta pa makina tafika pakuti. Mesenjala wathu ataona anavula chipewa.

Madzulo ndinaitana banja lonse pakhonde n'kupereka makasetiwo mwamwambo. Mwana anawalandira ndi manja awiri. Anawasisita imodzi imodzi, kuwanunkhiza, kuwagwedeza pafupi ndi khutu. Kenako chala chake chinaima pa kapepala kaja.

"Ababa, pepalali likuti chiyani?"

Ndinamuwerengera nambala yake, ndi mawu onyada.

"Zikomo, Ababa," anatero.

Akazi anga anandiyang'ana, n'kuyang'ana kaundula uja, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinaganiza kuti agwidwa ndi chimwemwe. Munthu wamkulu, wophunzira, wodalirika m'boma, ndinataipira mwana wosaona timapepala, n'kukagona ndi mtima woyera.

Patapita masabata awiri kunali mayeso a pakati pa teremu. Aphunzitsi anabwera okha kunyumba, zimene sizinali zachizolowezi. Anakana mpando, mwina poona kuti pali makina.

"Bambo, mwanayu wadwala?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Pa mafunso khumi wakhoza limodzi. Ena onse amangoima, kupendeketsa mutu ngati akudikira wina amunong'oneze. Ahedi afunsa kale. Atsala masabata atatu kuti mayeso otsiriza afike."

Atachoka, ndinapeza mwana m'chipinda atakumbatira makina, akubweza tepi, kuimitsa, kumvera, kupititsa, kuimitsa. Mabatire anali atafooka moti mawu anga ankatuluka ngati a ng'ombe yokhuta. Ndinakhala pansi pambali pake. Ndinkamutchula kuti mayi, chifukwa anatenga mphumi ya malemu amayi anga.

"Mayi, chavuta n'chiyani? Makasetiwa si abwino?"

"Ndi abwino, Ababa."

"Usandiope."

Anaimitsa tepi, chala chili pa batani.

"Zinthu zanga sindikuzipeza," anatero. "Kale Bua anali pamene amayi akufunsa sopo. Linthipe anali patsogolo pake, pa basi ya ku Dedza. Ndikafuna za duwa ndinkapititsa mpaka abambo a zidebe atasiya ndowa n'kuyamba beseni. Mawu a m'kope sindiwadziwa, Ababa, n'chifukwa chake ndikuwaphunzira. Koma mawu a amayi ndimawadziwa. Aphunzitsi akafunsa, ndinkapita kaye pa sopo, yankho n'kulipeza lili pomwepo."

"Nanga tsopano?"

"Tsopano muli inu nokhanokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zili ngati msewu uja munandiyendetsa wa ku City Centre. Ndi wabwino, sindinapunthwe. Koma palibe podziwira pamene wafika."



"Ndiponso makaseti onse akununkha chipatala," anawonjezera. "Ya mitsinje inali ya palafini."

Akazi anga anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. "Mufunseni funso limene wakhoza," anatero.

Ndinafunsa.

"Phiri lalitali," anatero mwanayo. "Mulanje. Pali agogo ena ake akuyetsemula."

Ndanena kuti akazi anga sananamepo pondithandiza. Tsiku limenelo sananenenso zoona zonse zimene akanatha kunena, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Anangoti, "Mawa muweruke msanga. Mukapemphenso kope lija."

Zakale zinali zitafufutika, sizikanabwerera. Tinayambanso pakhonde lathu lomwe lija, koma ulendo uno wolamula anali mwana. Anakhala pambali pa makina ngati woyang'anira mayeso. Choyamba anandiuza kuti ndimatule timapepala tonse. Kaseti ya mitsinje anaidonthezera yekha palafini pakona. Ina anaimanga ulusi, ina anailuma, ndipo zipsera za mano ake zilipo. Kenako anandituma kwa wosula zidebe.

Ndinapita ndi ulemu wonse, pakuti miyezi yonseyi ndinali ndisanamupatse moni wokwanira chifukwa cha phokoso lake.

"Achimwene," ndinatero, "ndabwera kudzapempha kuti muzisokosa."

Anaika nyundo pansi. "Anthu a boma mwayamba liti kupempha zimenezi?"

Nditamufotokozera, anapukuta manja n'kubwera yekha kudzamva kwa mwini wake. Anagwirizana awiriwo, ine ndili chiimire ngati mlendo. Mutu watsopano ukamayamba, iye azimenya kawiri. Ndowa ikhale ya mitsinje ndi mapiri, beseni la zomera ndi nyama, mbaula ya mbiri. Pakati ponsepo azingogwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, moti makasitomala ankadikira ndi ndowa zawo zodontha kufikira titamaliza mitsinje ya kumpoto. Wina atadandaula, anamuyankha kuti, "Dikirani, mayi, tili m'kalasi."

Akazi anga anafunsanso za sopo pa Bua. Poyamba anachita manyazi n'kufunsa monong'ona, mwana n'kuimitsa makina.

"Amayi, si mmene munafunsira. Munakwiya."

"Ndikwiyire ndani tsopano?"

"Ababa alipo."

Anakwiya bwinobwino, ndipo sindikukhulupirira kuti zonsezo zinali zoyeserera.

Lamulungu madala a ku Area 3 anatulukira atavala suti ya ku tchalitchi, atamva kwa bwana kuti zinthu zavuta. Mwana atangomva moni wawo anati, "Awa ndi a Mulanje." Madalawo anakhala pansi, misozi ili m'maso, n'kufunsa ngati pali phiri lina lofuna thandizo. Anapatsidwa Dedza ndi Zomba. Kuyetsemula kochita kufuna kunakanika, mpaka wosula zidebe anabweretsa fodya wa m'mphuno. Mkulu wa mpingo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti Mulungu akudziwa kuti n'za sukulu. Za chulu ndi mtengo zija sanandikumbutse, koma potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Tsiku la mayeso ndinapempha tchuthi. Anzake ankalemba m'kalasi, iye ankafunsidwa pakamwa mu ofesi ya ahedi, aphunzitsi ake akulemba mayankho. Ine anandilola kukhala pabenchi panja, pansi pa windo, ndipo ndinamva zonse. Funso likafunsidwa pankakhala kachetechete, kenako kugogoda kwa chala pa tebulo kawiri, kenako yankho. Pa funso lachinayi kachetechete anatalika. Ndinagwira benchi.

"Ukumvera chiyani, mwana iwe?" anafunsa ahedi.

"Ndikudikira amayi amalize za sopo, aphunzitsi."

"Sopo?"

"Amaliza. Ndi Bua."

Ndikanatha kukuuzani kuti anakhala nambala wani, ndipo palibe akanandigwira kupatula mboni zanga. Anakhala nambala naini, m'kalasi la ana ochuluka moti mphunzitsi akamaliza kuitana maina, oyambirira anali atamera ndevu. Tsiku la zotsatira ahedi anatuluka n'kundipeza pabenchi pomwe paja ndikunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

"Kalata ija sindilemba," anatero. "Teremu ya mawa abwere ndi yunifolomu yokwana, iyi yafupika." Anaima pang'ono. "Makina amenewa angabwere kuno Lachisanu lililonse? Ndili ndi ana awiri amene bolodi saliona bwino ngakhale atakhala kutsogolo, ndi ena ambiri amene buku amangolionera patali."

Choncho makina a bwana analowa sukulu. Lachisanu ana ankazungulira kabokosi kaja pansi pa mtengo, mwana wanga ali pa mabatani, palibe wina wololedwa kukhudza. Kalasi lonse linaphunzira mitsinje ndi mawu a m'nyumba mwanga. Mpaka lero akazi anga akamayenda mumsika amakumana ndi azibambo a imvi, ena a mimba zawo ndi magalimoto awo, amene amawagwadira n'kufunsa ngati sopo uja anapezeka.

Mwanayo tsopano ndi gogo. Zilembo za timadontho anadzaziphunzira pambuyo pake, n'kukhala mphunzitsi, ndipo masiku ano amaphunzitsa aphunzitsi anzake kugwiritsa ntchito mafoni ndi makompyuta pothandiza ana amene ena saona, ena samva, ena dzanja silimvera pensulo, kuti aziphunzira m'kalasi limodzi ndi anzawo. Foni yake imamuwerengera chilichonse, mwaliwiro loti ine ndimangomva ngati ziwala zikukazingidwa. Akaseweretsa chala pagalasi, imadumpha kuchoka pa mutu wina kufika pa wina. Amati wosula zidebe analowa m'menemo. Ndinapitako tsiku lina kukamuonera akuphunzitsa, ndinakhala kumbuyo. Mphunzitsi wina wachinyamata anamuonetsa monyada tabuleti imene anaikonzera mwana wa m'kalasi mwake, atasanja zonse mwadongosolo lake. Mwana wanga anaisisita, n'kufunsa kuti, "Mwini wake munamufunsa?" Kenako anatembenukira kumene ndinakhala, ngakhale sindinatsokomole n'komwe, n'kunena kuti, "Kumbuyoko kuli bambo amene angakufotokozereni."

Koma ndinakuuzani kuti musunge nkhani ya ndalama za msamuko. Madzulo a tsiku la zotsatira ndinakhala pakhonde pa bokosi langa lija, ndili wokondwa, n'kuyamba nyimbo yanga ya masiku onse, yakuti anthu a ku Zomba akanakhala ogwira ntchito bwenzi titagula makina athuathu, a bwana titabweza.

"Ababa," anatero mwana, "fomu imene mumanenayo ndi ija munadzaza pa tebulo tsiku lomanga katundu?"

"Yomweyo, mayi."

"Simunapite nayo ku ofesi. Munaiika m'fayilo, fayiloyo munaiika m'bokosi, n'kumanga ndi chingwe kawiri. Ndinamva. Kenako lole inaliza hutala."

"Bokosi liti?"

"Mwakhaliralo."

Ndinaimirira pang'onopang'ono. Pambali pa bokosilo panali kapepala koyera, kotaipidwa bwino ndi manja anga, konena kuti m'katimo muli zosafunika msanga. Ndinadula chingwe. Fomu inali pamwamba penipeni, yosapindika, yopanda dontho, yoyera kuposa fayilo iliyonse imene ndinasungapo m'boma. Ndinali nditaikhalira teremu yathunthu.

"Bwanji sunanene nthawi yonseyi?"

"Simunandifunse, Ababa."

Kuseri kwa khoma nyundo inagunda ndowa kawiri. Mwini wake anakana mpaka imfa yake kuti ankamvetsera.

M'mawa ndinapereka fomuyo ndi dzanja langa, n'kuilemba m'kaundula ngati yofika kumene kuchokera ku Zomba, zimene kunena zoona sizinali bodza. Patapita masabata atatu mesenjala anabwera ku rejisitire kudzandiuza kuti akundifuna ku ofesi ya malipiro. Ndinasaina, ndinalandira envulopu, ndinaiika m'thumba la m'kati, n'kukwera basi ya ku Old Town dzanja lili pachifuwa. Nditangoponda khonde, ndisanatsegule pakamwa, mwana anapendeketsa mutu.

"Amayi," anaitana, "zabwera. Ababa akuyenda ngati munthu wa ndalama."